Mmene mungakonzere sewero la pawailesi loopsa lokhudza ndale popanda kulisandutsa msonkhano

Magulu angapo a zisudzo kuno ku Mangochi ayamba kujambula masewero a mawu okhaokha, oti anthu azimvera pa wailesi, pa WhatsApp kapena pa memore khadi. Nkhani za mizukwa sizivuta kupeza omvera, koma gulu likafuna kuikamo za ndale, kawirikawiri zinthu zimasokonekera. Mzukwa umasiya kuopsa n'kuyamba kulalikira za katangale, ndipo womvera amazindikira kuti wabweretsedwa ku msonkhano. Gulu lathu linachitapo zimenezi. Tinatengera sewero lathu loyamba padoko lina la kufupi ndi Makawa, n'kuikira alovi (asodzi) amene ankasoka ukonde wa chilimira pansi pa mtengo. Kadzidzi wa m'nkhaniyo atalira, aloviwo anaseka, phungu wa m'seweromo atayamba kulankhula zazitali mmodzi anadzuka kukayang'ana usipa pathandala, ndipo enawo anamutsatira. Malangizo ali m'munsiwa ndi othandiza kuti ndale zikhale gwero la manthawo, osati katundu wokoleka pamwamba pa nkhani.

Zofunika kukhala nazo

Foni yojambula mawu bwino, ndipo ngati n'kotheka mayikolofoni yolumikiza kufoniko.
Mahedifoni otseka makutu onse, chifukwa zolakwika zambiri sizimveka pa sipika ya foni.
Kompyuta yokhala ndi Audacity, pulogalamu yaulere yolumikizira mawu, kapena foni yokhala ndi Lexis Audio Editor.
Batire yapadera yotchajira foni magetsi akazima.
Chipinda chaching'ono, matiresi awiri ndi mabulangete okoleka m'makoma.
Zopangira phokoso: beseni la madzi, nkhafi, lichero la mchenga, thumba la chimanga lopanda kanthu, kope lakale ndi cholembera.
Ochita sewero osapitirira asanu, ndi munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumvetsera basi.

1. Sankhani bala limodzi

Ndale si mayina a zipani. Ndale ndi funso lakuti ndani ali ndi mphamvu pa mnzake, ndipo wamphamvuyo akalakwa amamufunsa ndani. Khalani pansi monga gulu, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene anthu a kwawo amachilankhula motsitsa mawu. Kuno kwathu mudzamva za mndandanda wa olandira chimanga cha thandizo kapena feteleza wotsika mtengo, za malo a m'mphepete mwa nyanja amene agulitsidwa mpaka mudzi kusowa pokocheza bwato, za maukonde olandidwa a osauka pamene a olemera akupitiriza kupha nsomba nthawi yotseka nyanja, ndiponso za ndalama ndi nsalu zogawidwa pa kampeni ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa mchitidwewu.

Akuluakulu nawonso ali ndi nkhani zawo. Boma lino la Mangochi, pamene linkatchedwa Fort Johnston, ndi limene Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake anaukira mu February 1965, ndipo midzi ya tsidya la Malindi inakhala zaka zambiri ikukayikiridwa chifukwa cha zimenezo. Alipobe agogo amene amakumbukira kuletsedwa kulowa mumsika chifukwa chosowa khadi la chipani, kapena galimoto yoima pakhomo usiku. Mukawafunsa, pemphani chilolezo, ndipo muwauze poyera kuti mukufuna kupanga sewero.

Chenjezo: sankhani chimodzi chokha. Sewero la mphindi 15 silingasenze katangale, malo, zisankho ndi njala nthawi imodzi. Mukaphatikiza zonse, mudzakakamizika kufotokoza, ndipo kufotokoza n'kumene kumapha mantha.

2. Sandutsani balalo likhale chinthu choopsa chomveka ndi khutu

Apa ndi pamene sewero limakhalira kapena kufa, choncho musafulumire. Funso loti mudzifunse ndi ili: kodi chosalungama chimene tasankhachi chitakhala ndi mawu, chingamveke bwanji? Musayambe ndi mzukwa kenako n'kumaufunira ntchito. Yambani ndi cholakwacho, ndipo mzukwa utuluke m'kati mwake.

Titenge chitsanzo cha mndandanda. M'mudzi wopeka, mlembi wa komiti, Che Jafali, wauzidwa ndi wapampando kuti asafufute mayina a anthu omwalira, kuti matumba awo azipita kwa akuluakulu. Iye wavomera chifukwa walonjezedwa thumba limodzi, ndipo ana ake agona ndi njala masiku awiri. Pakati pa mayinawo pali la mayi ake omubereka, amene anaikidwa m'manda chaka chatha. Tsiku logawa chimanga, akuitana mayina pabwalo, dzina la malemuwo likuyankhidwa, ndipo amene akumva yankholo ndi iye yekha. Tsiku lachiwiri akuyankha ndi atatu. Usiku akufika pakhomo pake kudzafunsa matumba awo, mwaulemu, mmodzimmodzi, monga mmene anthu amaimira pamzere.

Taonani kuti palibe amene wanena mawu akuti katangale, koma nkhani yonse ndi ya katangale. Mukachotsamo mndandandawo, mizukwayo ilibe chifukwa chobwerera, ndipo mukachotsamo mizukwayo, Jafali alibe womuzenga mlandu, popeza amoyo onse akuopa wapampando. Umenewu ndiwo muyeso woti muyesere nkhani yanu: ngati mungachotse mbali ya ndale n'kutsala ndi sewero loyenda bwinobwino, ndiye kuti ndalezo munangozimata.

Chikhulupiriro cha ndondocha, chakuti munthu wokhwima amapha mnzake n'kumamugwiritsa ntchito usiku kuti alemere, chili kale ndi ndale m'kati mwake, chifukwa chimafunsa kuti chuma cha uyu chikuchokera pa thukuta la yani. Mungachigwiritse ntchito, koma werengani kaye gawo lotsatirali.

Pangirani choopsa chanu lamulo limodzi, ndipo musaliphwanye. M'chitsanzo chathu, malemu amafika pokhapokha dzina lake laitanidwa mokweza. Womvera akadziwa lamuloli, nthawi iliyonse imene tsamba la kope likutembenuzidwa mtima wake umayamba kugunda wokha, inu musanachite chilichonse.

3. Tetezani anthu enieni

Gawo ili si lodumpha. M'dziko muno nkhani zoopsa zaphetsapo anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa ena mwa antchito ake m'maderawo. Mu January 2016 ku Neno, anthu anayi achikulire anaphedwa powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sewero lanu likatuluka m'manja mwanu lidzamveka m'midzi imene simunafikeko, mwina litadulidwa poyambira.

Choncho chitani izi. Pekani dzina la mudzi, la mfumu ndi la chipani, ndipo musatengere mtundu wa nsalu, mbendera kapena mfuu ya chipani chenicheni. Musatsanzire kalankhulidwe ka phungu kapena khansala wodziwika, ngakhale ochita sewero anu akutha kutero bwino. Gwero la zoopsa lisakhale nkhalamba yosauka, mlendo, wazaumoyo, munthu wachialubino kapena wolumala, popeza amenewa ndi amene amayamba kugendedwa mphekesera zikabuka. Kuno Asilamu ndi Akhristu timakhala khomo ndi khomo, motero musapange woipa yense kukhala wa chipembedzo chimodzi, kapenanso kuika Chiyao pakamwa pa opusa okha.

Chenjezo: musalembe sewero lanu ngati nkhani za pawailesi zongochitika kumene. Pa 30 October 1938, Orson Welles anaulutsa pa wailesi ya CBS ku America sewero lokonzedwa ngati nkhani zamwadzidzidzi zonena kuti zamoyo za ku Mars zaukira dziko, ndipo ena mwa omvera anakhulupirira. Masiku ano kachidutswa ka mphindi imodzi pa WhatsApp kamayenda kopanda mwini. Nenani kuti ndi sewero poyambira, pakati ndi pomaliza.

4. Konzani anthu a m'seweromo

Khutu silingasunge mawu ambiri. Anthu anayi kapena asanu akwana, ndipo mawu awo asiyane ndithu: mwamuna wa mawu aakulu, mayi wachikulire, mtsikana, mnyamata wolankhula mofulumira. Anyamata awiri a msinkhu umodzi akamakambirana, womvera amasochera.

Mwininkhani asakhale woyera ngati mngelo. Jafali amatigwira mtima chifukwa walakwa pa chifukwa chimene tonse tikuchimvetsa, ndipo womvera amadzifunsa yekha ngati iye akanakana thumbalo. Wapampandonso asamaseke ngati chiwanda. Akhale munthu wofatsa, wopereka moni kwa aliyense, wothandiza pamaliro, wonena kuti nayenso ali ndi amene akumupanikiza kumtunda. Kwa ine, munthu woipa wolankhula mwachifundo amaopsa kuposa wobangula, chifukwa ndi amene timakumana naye pamoyo.

5. Lembani zoti zimveke, osati zoti ziwerengedwe

Gawani sewero la mphindi 15 m'zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mphindi yoyamba isathe womvera asanamve kuti china chake sichili bwino. Pambuyo pake chigawo chilichonse chiwonjezere kulemera pang'ono: yankho limodzi, kenako atatu, kenako kugogoda pachitseko, kenako Jafali apeza dzina lake lomwe pa mndandanda wa mwezi wamawa, lolembedwa ndi dzanja la wapampando. Kachigawo kamodzi kangalembedwe motere:

PHOKOSO: khamu pabwalo, matumba akutsitsidwa pa lole, tsamba la kope likutembenuzidwa.
JAFALI: Nambala 41. Abiti Saidi.
WAPAMPANDO, monong'ona: Chongani, achimwene, tipitirire. Thumbalo lili ndi kopita.
PHOKOSO: khamu lizilala pang'onopang'ono mpaka zii.
MAYI WOKALAMBA, pafupi kwambiri: Ndilipo, mwanangu.
PHOKOSO: cholembera chigwa pansi. Khamu libwerera.
WAPAMPANDO: Che Jafali, mwaimiranji? Anthu akupsa ndi dzuwa.

Palibe amene wanena kuti Jafali wachita mantha. Cholembera chanena. Pewani ziganizo zonga zakuti taonani mzukwa uwo ukubwera wavala zoyera, popeza munthu wogwidwa ndi mantha salongosola zovala. Ngati womvera ayenera kudziwa malo, muuzeni kudzera m'zochita za anthu: wina afunse ngati mwera wasiya, wina adandaule za udzudzu, wina atsanzike kuti akuthamangira kumzikiti.

Anthu azilankhula monga amalankhulira kuno, Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao pamene mpoyenera, ndi ulemu wake wa Che ndi Abiti. Mukamaliza kulemba, werengani mokweza muli ndi wotchi m'manja, ndipo chiganizo chilichonse chimene wochita sewero wapunthwa nacho kawiri muchilembenso.

Chenjezo: pofika kumapeto mudzalakalaka kubweretsa mfumu yaikulu kapena wapolisi kuti adzapereke chilango ndi malangizo. Dziletseni. Lolani chilango chichokere m'lamulo la choopsa chanu lomwe lija, ndipo zokambirana muzisiyire omvera.

6. Sonkhanitsani phokoso, ndipo musaope chete

Phokoso la pa intaneti la mphepo ya kuzizira ndi zitseko za nyumba zachizungu siligwira mtima wa munthu wa ku Namwera kapena Makanjira. Tulukani ndi foni mukajambule za kwathu: mafunde ang'onoang'ono akumenya bwato, achule a m'mbali mwa Shire, nkhululu, masamba a mgwalangwa akukhulana, belu la kabaza, injini ya boti ikuzilala patali. Chilichonse muchijambule kwa mphindi ziwiri osalankhula. Mphepo ya kunyanja imaononga mawu, choncho vekani mayikolofoni sokosi yoyera ndipo muime mofulatira mphepoyo.

Zina mupange m'chipinda. Mapazi pamchenga amatuluka bwino podinda zikhatho mulichero la mchenga. Nkhafi imamveka povundula madzi m'beseni pang'onopang'ono. Thumba lokokedwa pansi, lomveka kuseri kwa chitseko usiku, lingakhale chizindikiro chokwanira cha mizukwa yanu, ndipo womvera akalizolowera sipafunikanso kukuwa kulikonse.

Chida champhamvu kuposa zonse ndi kuchotsa phokoso. Usiku wa kunyanja sukhala chete, ndipo aliyense wokulira kuno amadziwa kuti achule akasiya kulira mwadzidzidzi ndiye kuti pali chimene chikuyenda. Ikani achule pansi pa zokambirana kwa mphindi yathunthu, kenako muwadule kwa masekondi atatu. Musachite zimenezi koposa kawiri kapena katatu m'sewero lonse.

7. Jambulani

Kolekani mabulangete, imikani matiresi m'makona, zimitsani fani, ndipo mafoni ena onse akhale kunja. M'miyezi ya October ndi November chipinda chotero chimatentha kwambiri, ndiponso malata amalira akamapsa ndi dzuwa, motero jambulani m'mawa kwambiri kapena usiku, zigawo zifupizifupi, muli ndi madzi akumwa pafupi. Dziwani nthawi za mapemphero za mzikiti ndi tchalitchi zoyandikana nanu kuti muzipumula pa nthawizo.

Foni ikhale yotseka netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa chigawo. Mu pulogalamu yojambulira, sankhani mtundu wa fayilo wa WAV pa 44.1 kHz, ndipo mawu okwera kwambiri asapitirire pa -6 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu, popeza mawu osweka sakonzeka. Wolankhula atalikirane ndi mayikolofoni ngati chikhatho chimodzi chotambasula. Wokuwa abwerere m'mbuyo masitepe awiri. Mzukwa usasinthe mawu kukhala a chilombo. Mayi wachikulire wolankhula modekha, pakamwa pali pafupi kwambiri ndi mayikolofoni, amamveka ngati ali m'khutu mwa womvera, ndipo zimenezo n'zokwanira. Pomaliza jambulani mphindi imodzi ya chipindacho aliyense ali chete, yodzatsekera mipata polumikiza.

8. Lumikizani

Yalani mawu a anthu poyamba, phokoso la malo pansi pake, nyimbo pomalizira. Nyimbo ikhale yochepa ndiponso yanuyanu. Ng'oma imodzi kapena chingwe chimodzi cha bangwe chikwana, ndipo mukafuna nyimbo ya woimba wina, funsani kaye mwini wake kapena a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Mvetserani zonse pa sipika ya foni yotsika mtengo, chifukwa ndi mmene ambiri adzamvere, ndipo ngati liwu lina latayika, tsitsani phokoso la pansi. Potumiza pa WhatsApp sungani ngati MP3 ya njira imodzi (mono) pa 64 kbps, imene imadya pafupifupi theka la megabaiti pa mphindi, kutanthauza mamegabaiti 7 pa sewero la mphindi 15. Ya WAV muisunge kuti mudzapereke ku wailesi.

9. Yesani pa anthu osakudziwani

Achibale adzakuyamikirani ngakhale sewero lili lozizira. Pitani nalo kwa alovi, kwa amayi ogulitsa nsomba kapena kwa anyamata a kabaza, liikeni, ndipo inu muziyang'ana nkhope zawo. Lembani mphindi imene wina wayamba kucheza ndi mnzake, chifukwa pamenepo ndi pofunika kudula. Likatha afunseni mafunso awiri: nkhaniyi imanena za chiyani, ndipo mukuganiza kuti wapampandoyu ndi ndani? Akatchula dzina la munthu weniweni, bwererani mukasinthe zimene zawatsogolera kwa iyeyo. Mukapita nalo ku wailesi ya m'dera monga Dzimwe, perekani sewero lonse pamodzi ndi zolemba zake, popeza wailesi imayankha kwa MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, pa chilichonse chimene yaulutsa, ndipo gwirizanani kuti liziulutsidwa usiku ana atagona.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi wofotokoza nkhani amene amalowerera paliponse kudzauza omvera tanthauzo. Ngati mukumufunadi, akhale mmodzi mwa anthu a m'nkhaniyo, wolankhula zimene anaona yekha, ndipo akhale ndi chimene akubisa.

Chachiwiri ndi kulemba ndi mkwiyo wa chipani. Sewero lolimbana ndi boma la lero lokha limatha ntchito boma likasintha, ndipo theka la omvera limatseka makutu lisanayambe. Mndandanda wa mayina wakhala ukubedwa pansi pa maulamuliro osiyanasiyana, choncho lembani za mchitidwewo ndi za mantha amene amausunga.

Ena amadalira kukuwa, magazi ndi kadzidzi. Kukuwa koyamba kumadzidzimutsa, kwachitatu kumaseketsa. Ena amaonetsa choopsacho msanga, mphindi yachiwiri yomwe, n'kutsala opanda chowonjezera. Enanso amaika mawu obwerezabwereza ngati a m'phanga pa mzukwa uliwonse mpaka zonena zake osamveka, pamene mawu a malemu ndi amene womvera ayenera kuwamva bwino kuposa onse.

Pali ena amene amaopa kwambiri mpaka kubisa nkhani yawo m'mafanizo ochuluka oti palibe angawamasule. Kubisa mawu kunali kofunika pa nthawi imene mlakatuli Jack Mapanje, wobadwira m'boma lomwe lino, anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Lero mungathe kutchula komiti, khansala ndi kuponi poyera, malinga ngati munthu wake ndi wopeka.

Chomaliza ndi kutengera nkhani ya banja lenileni osasintha kanthu. Ngati agogo anakufotokozerani za m'bale wawo amene anatengedwa usiku osabwereranso, sinthani mudzi, chaka, ntchito yake ndi chiwerengero cha ana ake, ndipo sewerolo lisanatuluke mubwerere kwa iwo mukawaikire kuti amve okha. Akakana kuti lisaulutsidwe, lisungeni, mulembe lina.